Wapolisi Akakusecha Mumsewu ku England, Amayankha kwa Yani?

Loweruka pa 4 Julayi 2020, apolisi a mumzinda wa London adalondola galimoto ya mtundu wa Mercedes mpaka kuiimitsa m'dera la Maida Vale. M'galimotomo mudali Ricardo dos Santos, katswiri wa liwiro wa dziko la Portugal, mayi wa mwana wake Bianca Williams, yemwe amathamangira dziko la Britain, ndi khanda lawo la miyezi itatu. Apolisiwo adatulutsa makolo onse awiri, kuwamanga maunyolo n'kuyamba chipikisheni, ati akufuna zida ndi chamba. Sadapeze kanthu. Mphunzitsi wa awiriwo, Linford Christie, yemwe adapata mendulo ya golide pa masewera a Olympics mu 1992, adaponya kanema wa zochitikazo pa intaneti, ndipo dziko lonse lidamva mayi akulira kuti m'galimoto muli mwana.

Poyamba akuluakulu a polisi ya London adati aonera zonse ndipo sakuona cholakwa. Phokoso litakula, nkhani idapita ku IOPC, bungwe loima palokha lofufuza madandaulo okhudza apolisi. Mu Okutobala 2023, komiti yosungitsa mwambo idachotsa ntchito apolisi awiri itagamula kuti adanama ponena kuti adamva fungo la chamba. Mu Okutobala 2024, bwalo lomva apilo ya apolisi lidaphwasula chigamulocho n'kuwabwezera pantchito. Zaka zinayi zathunthu, anthu otchuka, kanema ali m'manja, maloya ali pambali, n'kudzathera pomwe adayambira.

Ambiri mwa omwe amasechedwa m'misewu ya ku England ndi Wales alibe mendulo kapena loya. M'chaka chomwe chidatha mu Malichi 2023, apolisi kumeneko adachita chipikisheni chotere maulendo oposa 540,000. Pa maulendo 10 alionse, pafupifupi 6 chomwe ankafuna chidali mankhwala osokoneza bongo, osati mipeni, ndipo pafupifupi 7 adathera pouza munthuyo kuti azipita. Pa anthu akuda 1,000 alionse padali chipikisheni maulendo pafupifupi 25, pomwe pa azungu 1,000 padali maulendo 6 okha. Nanga amene amaonetsetsa kuti mphamvu yotereyi isamagwiritsidwe ntchito molakwika ndani? Alonda a apolisi ku England ndi ochuluka kwambiri, mwina kuposa m'mayiko ambiri. Vuto ndi momwe adagawanirana ntchito: amene ali ndi mphamvu yolanga amakhala kutali ndi msewu, ndipo amene amaona zomwe zimachitika mumsewu alibe mphamvu yolanga.

Papepala lamulo lake ndi lomveka. Lalikulu ndi la 1984, lomwe ambiri amangolitchula kuti PACE. Limalola wapolisi kuimitsa munthu kapena galimoto n'kusecha ngati ali ndi chifukwa chogwirika chokayikira kuti apeza katundu wakuba, chida kapena zipangizo zothyolera nyumba. Za mankhwala osokoneza bongo zili ndi lamulo lake la 1971, koma muyeso ndi womwewo. Khungu la munthu, msinkhu wake, kavalidwe kapena zoti adamangidwapo kale si zifukwa zomuimitsira. Asadayambe kupisa m'matumba, wapolisi ayenera kutchula dzina lake ndi polisi yomwe akuchokera, lamulo lomwe akugwiritsa ntchito, chomwe akufuna ndi chifukwa chomwe akukayikirira munthuyo. Pagulu angathe kulamula munthu kuvula chikhothi, jekete ndi magolovesi basi. Pomaliza ayenera kulemba zonse, ndipo wosechedwayo ali ndi ufulu wolandira kope lake.

Koma pali khomo lina lambali. Gawo 60 la lamulo la 1994 limalola wapolisi wa udindo wa insipekitala kupita m'mwamba kulengeza kuti m'dera lakuti, kwa maola mpaka 24, apolisi angathe kusecha aliyense popanda chifukwa chomukayikira, ngati akuopa kuti kubuka ziwawa kapena anthu anyamula zida. Nthawiyo ingathe kuwonjezeredwa ndi maola ena 24. M'chaka cha 2019/20 mphamvuyi idagwiritsidwa ntchito maulendo pafupifupi 18,000, ndipo omwe adamangidwa adali pafupifupi 4 pa 100 alionse.

Kuti munthu amvetse chifukwa chomwe nkhaniyi imawawitsa mitu ku Britain, ayenera kudziwa kuti wapolisi wamba kumeneko sayenda ndi mfuti. Kuchokera mu 1829, pomwe nduna Robert Peel adakhazikitsa polisi ya London, apolisi a dzikolo akhala akudzitama kuti mphamvu zawo zimachokera ku chilolezo cha anthu. Izi si zongokometsera pakamwa. Wapolisi wopanda mfuti amadalira kuti anthu amutsegulire chitseko, amutsine khutu, avomere kukaima m'khoti ngati mboni. Mnyamata yemwe wasechedwa kasanu osapezeka ndi kanthu, tsiku lomwe adzaone mnzake akubayidwa, sadzathamangira kupolisi. Choncho chikhulupiriro cha anthu ndi chida chogwirira ntchito, ndipo chikatha, milandu imaleka kupezeka mutu wake.

Chomvetsa chisoni n'chakuti pafupifupi mlonda aliyense wa apolisi ku England adabadwa pambuyo pa tsoka. Kumayambiriro kwa Epulo 1981, apolisi ovala zovala wamba adadzaza dera la Brixton kumwera kwa London pa ntchito yomwe adaitcha Swamp 81. M'masiku ochepa adaimitsa anthu 943, ambiri mwa iwo akuda, ana ndi zidzukulu za anthu ochokera kuzilumba za Caribbean. Achinyamatawa adali atatopa kale ndi lamulo lakale la 1824 lokhudza anthu oyendayenda, lomwe linkalola wapolisi kumanga munthu pongomuganizira kuti akufuna kupalamula. Kuyambira pa 10 mpaka 12 Epulo zinthu zidafika pa mwana wakana phala. Magalimoto ndi nyumba zidatenthedwa, ndipo apolisi pafupifupi 300 adavulala.

Boma lidatuma woweruza wamkulu, Lord Scarman, kuti afufuze chomwe chidatsitsa dzaye. Lipoti lake la Novembala 1981 lidati apolisi adataya chikhulupiriro cha anthu a m'deralo, ndipo lidapempha kuti lamulo lizikakamiza apolisi kukambirana ndi anthu omwe amawatumikira. Iye ndiyenso adabweretsa ganizo loti anthu wamba azilowa m'zitokosi za polisi mwadzidzidzi kukaona momwe omangidwa akusungidwira. Mpaka lero anthu odzipereka otere amagogoda papolisi usana kapena usiku osapangana ndi aliyense. Gawo la lamulo la 1824 lomanga munthu pongomuganizira lidafafanizidwa chaka chomwecho cha 1981, ndipo PACE idabwera patatha zaka zitatu.

Tsoka lachiwiri lidali imfa ya Stephen Lawrence, mnyamata wakuda wa zaka 18 yemwe adabayidwa ndi gulu la anyamata achizungu akudikira basi ku Eltham pa 22 Epulo 1993. Apolisi adayendetsa kafukufuku wake mwamphwayi moti oyamba kupezeka olakwa adagamulidwa mu 2012. Kafukufuku yemwe adatsogolera Sir William Macpherson adatulutsa lipoti mu Febuluwale 1999 lonena kuti tsankho lidazika mizu m'kayendetsedwe ka polisi ya London, osati mwa apolisi angapo chabe. Mwa mfundo zake 70 mudali yoti kuimitsa munthu kulikonse kuzilembedwa, pamodzi ndi chifukwa chake komanso mtundu wa munthuyo monga wadzifotokozera yekha.

Kulemba kudayamba, koma chiwerengero chidangokwera. Pofika 2008/09 chipikisheni chidafika pafupifupi maulendo 1.5 miliyoni pachaka. Mbali ina chidakwezedwa ndi gawo 44 la lamulo lothana ndi zauchifwamba la 2000, lomwenso silinkafuna chifukwa chokayikira munthu. M'chaka cha 2009/10 anthu oposa 100,000 adasechedwa pansi pa gawoli, koma palibe ndi mmodzi yemwe adamangidwa pa mlandu wauchifwamba. Mu Januwale 2010 khoti la ufulu wa anthu la ku Ulaya lidagamula kuti gawoli likuphwanya ufulu, pa mlandu wa Kevin Gillan ndi Pennie Quinton, omwe adaimitsidwa mu 2003 pafupi ndi chionetsero cha zida zankhondo ku London. Kenaka mu Ogasiti 2011, apolisi atawombera Mark Duggan ku Tottenham, zipolowe zidafalikira m'mizinda ingapo ndipo anthu asanu adafa. Nyuzipepala ya The Guardian ndi sukulu ya London School of Economics adacheza ndi anthu 270 omwe adachita nawo zipolowezo, ndipo chipikisheni cha mumsewu chidali pakati pa madandaulo omwe ankatchulidwa mobwerezabwereza.

Apa ndi pomwe pepala lidaonetsa mphamvu yake. Mu 2013 oyendera ntchito za apolisi adatenga zolemba za chipikisheni 8,783 n'kuziwerenga chimodzichimodzi. Pa 27 mwa 100 zilizonse, chifukwa chomwe wapolisi adalemba sichidali chokwanira mwalamulo, kusonyeza kuti ngakhale mabwana awo sankaziunika mokwanira. Theresa May, yemwe panthawiyo adali nduna yoona za m'dziko ndipo palibe angamunene kuti ankadana ndi apolisi, adauza Nyumba ya Malamulo mu Epulo 2014 kuti izi sizingapitirire. Adakhwimitsa kagwiritsidwe ntchito ka gawo 60, adalamula kuti ziwerengero zizitulutsidwa poyera, ndipo adatsegula mwayi woti anthu wamba aziperekeza apolisi mumsewu kukaona okha. Pofika 2017/18 chipikisheni chidatsika kufika pansi pa maulendo 300,000, ndipo gawo la omwe ankamangidwa pambuyo posechedwa lidakwera kuchoka pa 9 kufika pa 17 pa 100 alionse. Apolisi ankasecha anthu ochepa koma n'kumalasa bwino. Chomwe sichidasinthe ndi tsankho: chipikisheni chidatsika kwambiri pakati pa azungu kusiyana ndi pakati pa akuda, moti kusiyana kudafika poposa ka 9. Kutsika kwake kufika pa 4 m'zaka zaposachedwa, mbali ina kwadza chifukwa akuwerengera pogwiritsa ntchito kalembera watsopano wa 2021, yemwe adapeza kuti anthu akuda achuluka. Zokhwimitsa za May pa gawo 60 zidafewetsedwa mu 2019 ndipo zidachotsedweratu mu 2022.

Tsono alondawo ndi ati? England ndi Wales alibe polisi imodzi ya dziko lonse monga ilili ya ku Malawi. Ali ndi mapolisi a m'madera okwana 43, iliyonse ndi mkulu wake. Kale mkuluyo ankayankha ku komiti ya makhansala ndi anthu ena osankhidwa, yomwe anthu ambiri sankadziwa n'komwe kuti iliko. Lamulo la 2011 lidathetsa makomitiwo n'kukhazikitsa udindo wa komishonala wa za polisi ndi umbanda, munthu mmodzi wosankhidwa pa chisankho zaka zinayi zilizonse. Mphamvu zake n'zazikulu: amalemba ndi kuchotsa mkulu wa polisi, amakonza bajeti, amaika gawo la msonkho wa khonsolo lopita ku polisi, ndiponso amalemba ndondomeko ya zomwe polisi iyenera kuika patsogolo. Chomwe saloledwa ndi kulowerera ntchito ya tsiku ndi tsiku. Sangauze wapolisi kuti manga uyu, siya uyo.

Ganizo lidali loti anthu akakwiya ndi polisi yawo, adziwe nkhope yoilanga pa voti. Koma pa chisankho choyamba mu Novembala 2012 adavota ndi anthu 15 okha pa 100 alionse, ndipo pamalo ena ovotera mumzinda wa Newport ku Wales sipadafike munthu ndi mmodzi yemwe tsiku lonse. Pali vuto linanso lomwe silitchulidwa kawirikawiri. Komishonala amasankhidwa ndi dera lonse, midzi ndi matauni, ndipo ambiri mwa ovota sadasechedwepo chibadwire. Omwe amasechedwa kwambiri ndi anyamata, ena osafika n'komwe pa msinkhu wovota. Wandale yemwe akufuna kubwereranso pampando amadziwa bwino gulu lomwe ayenera kulisangalatsa. Pamwamba pa komishonala pali komiti ya makhansala ndi anthu ochepa oima paokha, yomwe ingakane msonkho womwe wakonza kapena munthu yemwe akufuna kumulemba ngati mkulu wa polisi, koma pokhapokha mamembala awiri mwa atatu alionse agwirizana.

Sikuti mphamvuzi sizigwira ntchito. Ku London, komwe udindowu uli m'manja mwa meya, Sadiq Khan adauza mkulu wa polisi Cressida Dick mu Febuluwale 2022 kuti sakukhutira ndi momwe akufunira kukonza khalidwe la apolisi ake, ndipo Dick adatula pansi udindo. Izi zidadza pambuyo pa nkhani zochititsa manyazi zingapo, kuphatikizapo kuphedwa kwa Sarah Everard mu Malichi 2021 ndi wapolisi yemwe adagwiritsa ntchito chiphaso chake pomunamiza kuti wamumanga. Koma kuchotsa mkulu wa polisi ndi nkhwangwa yomwe imagwa kamodzi pa zaka zambiri. Sifika pa wapolisi yemwe adasecha mwana wa sukulu Lachiwiri madzulo.

Mlonda wina ndi HMICFRS, bungwe loyendera mapolisi lomwe mizu yake idayamba mu 1856. Kuchokera mu 2014 limayendera polisi iliyonse n'kuipatsa magiredi potengera mfundo zikuluzikulu zitatu: kodi ikuteteza anthu ndi kuthana ndi umbanda, kodi ikugwiritsa bwino ntchito ndalama, nanga ikuchitira anthu chilungamo ndi ulemu? Giredi imayambira pa kupambana kwambiri mpaka pa kulephera, ndipo aliyense angaiwerenge pa intaneti. Polisi yolephera imaikidwa pa uyang'aniro wapadera, monga zidachitikira polisi ya London mu Juni 2022. Mu Febuluwale 2021 bungweli lidanena mosapsatira kuti patatha zaka zoposa 35 chikhazikitsire PACE, mapolisi akulepherabe kufotokoza mogwira mtima chifukwa chomwe amasechera anthu akuda mochuluka chonchi. Komabe oyenderawa salanga munthu. Amalemba, amalangiza, n'kudzabweranso.

Pansi penipeni, pafupi ndi msewu, pali makomiti a anthu wamba ounika chipikisheni. Awa ndi anthu odzipereka: aphunzitsi, ogwira ntchito ndi achinyamata, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, opuma pantchito, nthawi zina ophunzira a m'makoleji. Amakumana mwezi ndi mwezi kapena pakatha miyezi itatu, kawirikawiri madzulo akaweruka. Patebulo pamabwera zolemba za chipikisheni, mayina atafufutidwa, ndipo m'madera ambiri amaoneranso kanema wochokera pa kamera yomwe wapolisi amavala pachifuwa. Amafunsa mafunso osavuta koma obaya. Kodi wapolisiyu adatchula dzina lake? Adafotokoza chomwe akufuna? Zomwe adalemba zikugwirizana ndi zomwe zikuoneka pa kanema? Maunyolo adatulukiranji pomwe mwanayo adangoima phee? M'madera ena, monga Bedfordshire, komiti imapereka mtundu pa chipikisheni chilichonse potengera maloboti a pamsewu: wobiriwira ngati chidayenda bwino, wachikasu ngati pali pofunika kukonza, wofiira ngati pali cholakwa chachikulu choyenera kupita kwa mabwana.

Mwa alonda onse, awa okha ndi omwe amaona nkhope ya wapolisi ndi ya wosechedwa, n'kumva kamvekedwe ka mawu. Zambiri zomwe zimawononga chikhulupiriro sizilembedwa pa fomu. Wapolisi angatsatire lamulo lonse koma n'kulankhula ndi munthu ngati akulankhula ndi galu, kapena kumusiya osanena n'komwe kuti pepani takuchedwetsani. Makomitiwa amagwiranso mizere yomwe imabwerezedwa m'zolemba, ndipo wotchuka ndi uja woti padamveka fungo la chamba. Fungo silioneka pa kamera, ndipo palibe angalitsutse pambuyo pake. N'chifukwa chake malangizo a sukulu yoona za ukadaulo wa apolisi, College of Policing, amati si bwino kusecha munthu podalira fungo lokha, mfundo yomwe IOPC idaibwereza mu 2022.

Koma mphamvu za makomitiwa zili ngati za ankhoswe: amamva mbali zonse, amadzudzula, amalangiza, koma eni banja akaumitsa khosi palibe chomwe angachite. Sangalange wapolisi, sangamuitanitse mokakamiza, ndipo zambiri zimadalira mtima wa mkulu wa polisi wa deralo. Bungwe la Criminal Justice Alliance litafufuza makomitiwa mu 2019 lidapeza kuti amasiyana kwambiri: ena tcheyamani wake si munthu wamba woima payekha, ena sasankha okha milandu yoti aunike, ena alibe anthu a misinkhu ndi mitundu yomwe imasechedwa kwambiri. Apolisi akakhala kuti ndiwo asankha kanema woti aonetse, palibe angadabwe kuti yense akutuluka wobiriwira. Ngakhale nthawi imawadyera: kanema yemwe sadasungidwe ngati umboni nthawi zambiri amafufutidwa pakatha masiku 31, choncho komiti yokumana pakatha miyezi itatu ingapeze kuti zofunika zidapita kale. Mu 2021 bungwe lomwelo lidakadandaula mwalamulo kuti gawo 60 lichotsedwe ndipo makomitiwa alimbikitsidwe. Yankho lidatuluka mu Disembala 2023. Silidavomere kuchotsa gawolo, koma lidavomereza kuti kuunika kwake kukuperewera.

Mbali ya apolisi iyeneranso kumveka. Mipeni ikupha achinyamata ku London, Birmingham ndi Manchester, ndipo ku London ambiri mwa ophedwawo ndi anyamata akuda. Pali makolo omwe adaika ana awo m'manda ndipo amapempha kuti chipikisheni chichuluke. Mpeni uliwonse wolandidwa mumsewu ndi weniweni. Funso ndi lakuti kodi kuchulukitsa chipikisheni kumachepetsa umbanda? Mu 2008 polisi ya London idachulukitsa kwambiri chipikisheni m'madera ena pa ntchito yotchedwa Blunt 2. Unduna woona za m'dziko utaunika ntchitoyo mu lipoti la 2016, sudapeze umboni woti umbanda udatsika chifukwa cha chipikishenicho. Akatswiri atatu, Matteo Tiratelli, Paul Quinton ndi Ben Bradford, ataunika ziwerengero za zaka khumi za ku London mu 2018, adapeza kuti phindu lake pochepetsa ziwawa ndi laling'ono kwambiri. Chipikisheni cholunjika pa munthu yemwe apolisi atsinidwa khutu za iye chimathandiza. Choponya ukonde pa dera lonse chimakola ambiri osalakwa.

Nkhani yomwe idaonetsa poyera mpata womwe uli pakati pa alondawa ndi ya mtsikana wakuda wa zaka 15, yemwe amangotchedwa Child Q pofuna kumuteteza. Mu Disembala 2020, pasukulu ina ku Hackney, aphunzitsi adamuganizira kuti ali ndi chamba n'kuitana apolisi. Apolisi achikazi adamuvula m'chipinda popanda kholo kapena wamkulu wina womuimira, chonsecho ali kumwezi. Sadapeze kanthu. Dziko lidadziwa izi mu Malichi 2022, osati kudzera kwa meya kapena oyendera, koma kudzera mu lipoti la bungwe loteteza ana la m'deralo, lomwe lidati n'kutheka kwambiri kuti tsankho lidatengapo mbali. Komishonala woona za ana ku England, Dame Rachel de Souza, adagwiritsa ntchito mphamvu zake kuitanitsa ziwerengero ku mapolisi onse. Adapeza kuti pakati pa 2018 ndi pakatikati pa 2022 ana adavulidwa posechedwa maulendo 2,847, ndipo pa oposa theka padalibe umboni woti wamkulu womuimira mwanayo adalipo monga lamulo limafunira. Ziwerengerozo zidali m'makompyuta a polisi nthawi yonseyi, kungoti padalibe yemwe adazifunsa. Mu Malichi 2023 Baroness Louise Casey, yemwe adaunika polisi ya London, adati kachitidwe ka chipikisheni kayenera kuyambidwanso kuchokera pamaziko.

Mmalawi akamva za lamulo la 1824 lija sayenera kuliona ngati lachilendo. Malamulo a atsamunda okhudza anthu oyendayenda adachokera mumtsinje womwewo, ndipo ndiwo adabala vakabu. Ku England gawo lomanga munthu pongomuganizira lidafa mu 1981, koma ku Malawi m'bale wake adakhalabe ndi moyo mpaka Januwale 2017, pomwe Khoti Lalikulu lidagamula kuti gawo 184(1)(c) la malamulo a milandu likusemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Yemwe adatengera nkhaniyo kukhoti ndi Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo yemwe adagwidwa mu 2015 m'bandakucha akupita ku Limbe kukachita malonda. Lamulo la polisi la 2010 lidalonjezanso bungwe loima palokha lolandira madandaulo, Independent Complaints Commission, komanso anthu wamba oyendera zitokosi, ganizo lofanana ndi la Scarman. Bungwe la madandaulolo lidatenga zaka pafupifupi khumi kuti liyambe ntchito.

Ku England nako mipando ikusunthanso. Mu Novembala 2025 boma lidalengeza kuti udindo wa makomishonala osankhidwa uthetsedwa nthawi yawo ikatha mu 2028, ndipo ntchito yawo ipita kwa mameya kapena kwa atsogoleri a makhonsolo. Kusinthaku kukukhudza amene amalemba mkulu wa polisi ndi kugwira chikwama. Sikukuyankha funso la ngati komiti ya anthu wamba ikapereka chizindikiro chofiira, wina adzakakamizidwa kuchitapo kanthu n'kubweza yankho. Zaka 40 zapitazi zaonetsa kuti zinthu zidasintha kwambiri pomwe wina wakunja kwa polisi adawerenga zolemba chimodzichimodzi, ndipo wina wamphamvu adakakamizika kuyankha pa zomwe zapezekazo. Pomwe mbali imodzi mwa ziwirizi idasowa, malipoti adangounjikana.

Amalawi omwe akukhala ku Leicester, Manchester, London ndi mizinda ina, makamaka omwe akulera anyamata, adziwe izi. Wapolisi akaimitsa munthu kuti amuseche, munthuyo sayenera kuthawa kapena kulimbana naye, chifukwa lamulo limalola wapolisi kumugwira mpaka chipikisheni chithe. Koma ali ndi ufulu wofunsa dzina la wapolisiyo, polisi yomwe akuchokera ndi chifukwa chake, ndipo pa chipikisheni wamba sakakamizidwa kutchula dzina lake kapena komwe amakhala. Kope la zomwe wapolisi walemba angalitenge pomwepo kapena kukalifunsa kupolisi pasadathe miyezi itatu. Ngati akufuna kudandaula, achite msanga n'kupempha kuti kanema wa pachifuwa asungidwe masiku 31 asadakwane.